Bafa ndi limodzi ku Durban, apongozi aamuna nawonso akupita

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, Keziya ndi Evance, ndipo ndinakwatiwa m'mudzi wina kufupi ndi Embangweni. Amuna anga ali ku Durban, chino ndi chaka chachinayi. Amagwira ntchito kwa mayi wina amene ali ndi nyumba zobwereketsa anthu opita kutchuthi m'mbali mwa nyanja. Iwo ndi amene amapenta, kukonza mipope ikamadontha ndi kulandira alendo.

Mwezi wathawu anaimba foni ndi nkhani yabwino. Akuti bwana wawo wawapatsa nyumba imodzi kwa sabata yathunthu mu Ogasiti, yaulere, kuti aitane abale awo. Aphungu, ndinavina pabwalo mpaka nkhuku kubalalika! Mapasipoti tili nawo, chimanga chili m'nkhokwe, woyang'anira ng'ombe wapezeka. Tikupita ine, ana ndi apongozi anga onse awiri.

Zithunzi zimene akutitumizira zatisokoneza mitu. Ukaima pakhonde, poti nyumbayo ili m'mwamba mwa nyumba yosanjikizana, umaona sitima zapamadzi zitandanda kudikira kulowa padoko, iliyonse yaitali kuposa msika wa pa Jenda. Akuti kulinso malo amene nsomba zazikulu ngati ng'ombe zimasambira kuseri kwa galasi, iwe ukuyenda pouma. Evance walengeza kale sukulu yonse. Keziya akufuna kukakwera timangolo tokokedwa ndi amuna ovala nyanga ndi mikanda. Ine changa n'chimodzi, kuponda madzi amchere amuna anga ali pambali panga.

Koma amene asangalala kuposa tonse ndi adadavyala, bambo awo a amuna anga. Iwo amati makolo athu Angoni anachokera kudera lomwelo. Chiimbireni foni ija akungoyimba nyimbo za ingoma kukhola, ndipo anapita okha pa boma pa Mzimba kukasankha kabudula pa kaunjika. Ndinawamva akuuza anzawo kuti, "Ine nkhuluta kukaya, ndikupita kwathu kwenikweni! Ndikakangowapatsa moni, mbwenu adziwa kuti mwana wawo wabwera."

Vuto lili m'nyumbamo. Zipinda zogona ndi ziwiri, pamenepo palibe nkhani. Koma bafa ndi limodzi, chimbudzi chili momwemo, chitseko chake chayang'ana pabalaza. Pakati pa khitchini ndi pabalaza palibe khoma, tebulo ndi limodzi. Kwathu kuno mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, sadya apongozi aamuna akuona. Chikwatiwireni sindinakhalepo pampando iwo alipo, ndipo tikakumana panjira ndimapatuka n'kugwada. Nanga kumchenga kuja, iwo ali m'kabudula, maso anga ndikawaika pati?

Amamavyala, mayi awo a amuna anga, ataona zithunzizo anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anati, "Mwana wane, izi n'zovuta chomene. Bafa limodzi ndi adada? Anthu akamva atiseka. Ana tipita nawo ife, iwe udzapita ulendo wina." Ndinayankha kuti, "Yewo, amama," poti ndi mmene ndinaleredwera, koma mtima unandiwawa kwambiri. Sananene mwankhanza, ine ndi iwo timakondana.

Amuna anga sindinawauze, ndikuopa kuti angayambane ndi mayi awo chifukwa cha ine. Ndaganiza zoti tsiku likayandikira ndidzanamizire kudwala kuti pasapezeke wochita manyazi. Matikiti a basi agulidwa kumapeto kwa mwezi uno. Ndipite kapena nditsale?

M.S., Embangweni

Mayi M.S.,

Pitani. Ndayamba ndi yankho kuti zotsalazi muwerenge mtima uli m'malo.

Za kunamizira kudwala iwalani. Chipatala muli nacho pafupi. Apongozi okukondaniwo adzakukwezani pangolo kuthamanga nanu kumeneko, malungo osapezeka, manyazi amene mukuthawawo n'kubwera ndi anzake.

Ulemu wanu ndauyamikira ndipo sindikukuuzani kuti muutaye. Koma mwambo umenewu unakulira pamudzi, pamene pali nyumba zambiri ndi bwalo lalikulu lopatukirapo. M'basi ya ku Joni mukagwada pati? Akuluakulu omwe amasunga mwambo amadziwanso kuumasula pakafunika. Ndipo mwaona kuti pankhani yonseyi mwini wake sanafunsidwe? Inu ndi amamavyala mwagamula mlandu kuseri kwa nkhokwe, mkulu uja ali kukhola akuyimba. Ndikukayika ngati munthu wosangalala chotere angakondwere kumva kuti mayi wa adzukulu ake watsala chifukwa cha iye.

Lero lomwe auzeni bambo a Keziya, mofatsa, osawaneneza mayi awo. Mukatero inu khalani chete. Nkhaniyi itengedwe ndi ankhazi, mlongo wawo wa adadavyala, amene amatha kulankhula nawo mosapsatira. M'mabanja ambiri mkulu amapereka kamphatso kwa mkamwana pamaso pa abale, kaya nkhuku kaya chitenje, kumuuza kuti amasuke chifukwa tsopano ndi mwana wa pakhomo. Ngati kwanuko zimatheka, ankhazi adziwa kayendetsedwe kake. Zikachitikira poyera musananyamuke, oseka aja asowa poyambira.

Zotsalazo n'zazing'ono. Adadavyala azisamba koyamba n'kutuluka kukaona sitima padoko, nyumba yonse n'kutsala yanu ndi amama. Amuna anu amagwira ntchito panyumba pomwepo, afunse ngati pansi pali chimbudzi china chimene adadavyala angamagwiritse ntchito. Nthawi yakudya, ngati mukuchitabe manyazi, nyamulani mbale zanu inu, amama ndi Keziya mukadyere pakhonde. Amene mukudya mukuona nyanja ndinu, ndiye wolangidwa ndani pamenepo? Mchenga wa kumeneko ndi wautali, kabudula alowere kumanzere, zitenje kumanja. Mukakumane pogula buledi uja amabowola pakati n'kuthiramo nyama ya tsabola, ngakhale ndikuchenjezeni kuti amaliritsa munthu wamkulu.

Amamavyala musawaone ngati mdani. Mwina nawonso akuopa chikepe, mbaula yamagetsi ndi adzukulu awiri othamanga mumzinda wachilendo. Auzeni mwaulemu kuti simungalole kuti akavutike okha, muona mmene nkhope yawo isinthire.

Bambo a Keziya atsimikizenso kwa bwana wawo kuti nonse ndinu ololedwa kugonamo, ndipo nyumbayo mukaisiye yoyera poti ntchito yawo ili pamenepo. Za mapepala a ana ofunika pamalire funsiranitu, osadikira tsiku lonyamuka. Nyanja ijanso si mtsinje wa Rukuru ayi. Sambani pakati pa mbendera pamene pali opulumutsa anthu, Evance asachoke m'maso mwanu, ndipo chitenje mumange zolimba chifukwa funde silidziwa mkamwana.

Koma chenjezo langa lalikulu ndi ili. Mukatsala, mudzi wonse udzakutamandani kuti ndinu mkazi waulemu, ndipo palibe adzakumbuke kufunsa za ulendo wina uja. Ku Durban kuli munthu amene tsiku ndi tsiku amatsegulira maanja a eni chitseko, kuwanyamulira zikwama, n'kubwerera kukachipinda kake yekha. Ulendo uno makiyi ali m'thumba mwake. Basi ikadzaima adzagwira chanza bambo ake ndi mayi ake, adzanyamula ana, kenako adzapitiriza kuyang'ana pakhomo la basi mpaka wotsika womaliza. Musamuchite zimenezo.

Aphungu