Noboru Wakanikanso pa Phanga Lija

Nerima, Tokyo
Okutobala

Okondedwa achemwali a Chizuru,

Landirani moni wanga. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko ku Hirosaki? Nanga amayi, mwendo uja ukulola kuponda pansi? Msana wanu nawo bwanji, poti ino ndi nyengo ya makwerero ndi madengu a maapozi? Ine kuno ndilipo ndithu. M'thupi mulibe chovuta, koma mtima ndiwo sukukhazikika.

Musadabwe kupeza kalata ya pepala m'phukusimu. Pafoni ine ndi inu sitimalizana nkhani. Inu mumayamba ndi funso loti ndibwera liti, ine n'kuyamba chibwibwi, kenaka wina amadula. Ndiye ndati ndilembe kuti muwerenge mpaka pansi musanandikalipire. Chingwe chakuda chili m'menemo musachitaye, ndifotokoza ntchito yake. Maswiti a nyembawo ndi a amayi, koma mwana wanu Minori alaweko.

Ndiyambe ndi zoipa. Sindibwera kudzathyola maapozi. Ndikudziwa kuti nthawi ya Obon, mwambo wokumbukira makolo athu omwalira, ndinanenanso zomwezi, ndipo manda a bambo munakatsuka nokha. Gemu yomwe tikupanga aisunthiranso tsiku lotulukira, akuti chaka chatsopano chikadutsa. Ndinapita kwa abwana athu, a Hirabayashi, ndi nkhani ya amayi. Anandimvetsera bwinobwino, n'kupendeketsa mutu, kukoka mpweya m'mano, kenaka akuti zimenezo n'zovutirapo pang'ono. Inu mukudziwa tanthauzo la mawu amenewo. Ine ndinawerama n'kupepesa kuti ndawasokoneza. Tangoganizani, ine kupepesa! Masiku a tchuthi ndili nawo, koma muno palibe amene amawakhudza ntchito isanathe. Tilipo ochepa, ndipo ukachoka katundu wako amagwera mnzako wokhala naye pafupi.

Munandifunsa kuti ntchito yangayi kwenikweni ndi yotani, poti alamu amauza anthu kuti ine ndimalipidwa chifukwa chosewera. Tikupanga gemu yonga zakale zija, ya tianthu tating'ono tojambulidwa ndi timadontho, yomenyana mosinthana: chilombo chimamenya kamodzi n'kuima, kudikira kuti nawe usankhe chochita. Ogula ake ndi anthu a msinkhu wathu, a imvi zoyamba, ofuna kukhalanso pamphasa ya kwawo ngati ana. Ine gawo langa ndi kugunda makoma. Ndimatenga kamunthu n'kumakayendetsa m'mbali mwa khoma lililonse ndi mpanda uliwonse, kukagunditsa, kuti ndione ngati pali pobowoka pomwe wosewera angagwere kunja. Ndikapeza, anzanga amatseka, ine n'kuyambiranso. Ntchito yofuna potulukira kuti ena atsekepo, kuyambira m'mawa mpaka poweruka.

M'mudzi woyamba wa gemuyi muli mlonda woima pachipata. Umuyankhule kangati kaya, amangobwereza mawu amodzimodzi. Ndiye pali mtsikana wina wojambula, Kanae, wa pakamwa pakuthwa. Sabata yatha anamujambula mlondayo magalasi anga ndi kadazi kanga, n'kumusinthira mawu kuti azinena kuti mwezi wamawa apita kwawo. Anaitana ofesi yonse kuti idzaone. Akuti a Noboru, mnzanu wamapasa uyu, mumupatse moni, ndipo mukagwirizane kuti ayambe kunyamuka ndani. Anthu anaseka mpaka misozi, ngakhale a Hirabayashi amene. Nane ndinaseka, nanga n'kutani? Koma zinandibaya, achemwali, chifukwa mwanayo sananame.

Mundiuza kuti ndingosiya ntchito. Ndaganizapo kambiri. Koma kusiya gemu isanatuluke ndiye kuti dzina langa alichotsa pa mayina a opanga, ndipo wa zaka makumi anayi ndi kanthu wothawa ntchito pakati, andilembanso ndani? Ntchitoyi ndinaifuna ndekha mpaka kuyambana ndi malemu bambo chifukwa chokana munda. Walira mvula walira matope. M'kachipinda kanga zenera lake layang'anizana ndi khoma la nyumba ina, moti ndikatambasula dzanja ndimaligwira.

Tsopano nkhani yeniyeni. Munandiuza kuti pokonza chipinda cham'mwamba mwapeza makina athu akale a gemu, ndi kaseti ija m'chitini cha mabisiketi. Munatinso alamu akufuna aitsegule aikemo batire latsopano, poti iwo chilichonse chokhala ndi zomangira sachisiya chili chotseka. Chonde, chonde, asaitsegule. M'kati mwake muli kabatire kangati batani la malaya, ndipo n'komwe kakugwira ulendo wonse wosungidwamo. Kakangochoka ngakhale kwa kuphethira kwa diso, zonse zafufutika, ndipo palibe mmisiri angazibweze. Mwina kanafa kale, zaka zapita zambiri. Koma ndamva kuti tina timapirira.

Ndikukuonani mukupukusa mutu kuti mayi akudwala, munthu wamkulu ali kalikiliki ndi zidole. Ndiloleni ndikuuzeni chinthu chomwe simukuchidziwa, poti nthawi imeneyo inu munkabwera kutada kuchokera ku mpira wamanja, ndipo amayi anandipempha kuti ndisatulutse.

Mukukumbukira kuti anthu a m'gemu ija tinawapatsa mayina athu. Wotsogolera anali Noboru, wa nkhwangwa anali Chizuru chifukwa munakana kukhala wochiritsa, ndipo wamatsenga tinamutcha Gonta, dzina la galu wathu. Chisanu china ndili mwana ndinakanika pa phanga lina la m'gemumo, pomwe panali chilombo cha mitu iwiri. Ndikalowa, kufa. Ndikalowanso, kufa. Tsiku lina ndinaponya chowongolera gemu pansi n'kulira, ndipo bambo anati ndikadzabwerezanso akatsekera makinawo kosungira makasu. Koma patapita masiku ndinayamba kuona zachilendo. Ndikabwera kusukulu ndinkapeza anthu anga ali ndi mphamvu kuposa momwe ndinawasiyira dzulo lake. Ine ndi nzeru za chibwana ndinkati amalimba okha akagona.

Tsiku lina anatibweza msanga kusukulu chifukwa cha chipale chofewa chomwe chinkagwa mosalekeza. Nditalowa ndinapeza amayi atagwada pamaso pa kanema, mawu atazimitsa, epuloni ili m'chiuno, manja aja ong'ambika ndi madzi ozizira atagwira chowongolera. Agogo anali atagona kuchipinda. Amayi ankayendetsa anthu anga pa kamlatho ka kunja kwa mudzi, kupita uku, kubwerera uku, kupha tizilombo tating'ono tomwe timapezeka pamenepo. Atandiona anadzidzimuka ngati ndawagwira akuba shuga. Akuti usauze agogo ako, anyamata akowa ndinawaona kuti ndi owonda, ndiye ndikungowadyetsa.

Ndinawafunsa chifukwa chake sawoloka mlathowo, poti kutsidya kuli mzinda wa nyanja ndi zombo, ndipo zilombo zakumeneko zimalimbitsa msanga. Anaseka. Akuti ulendo ndi wako, ine ndikawoloka ndikasochera, ndiye mpunga aphike ndani? Kenaka ananena mawu omwe sindinawamvetse mpaka nditakula. Akuti chomwe amaikondera gemuyi n'chakuti zilombo zake n'zaulemu. Ukhoza kuzisiya zitakweza chibonga, iwe n'kukaona mphika, kukayankha apongozi, kukapereka tiyi kwa aganyu, ukabwera uzipeza zili chiimire kudikira kuti usankhe. Inu mukudziwa momwe agogo ankawathamangitsira amayi m'nyumba ija. Chinthu chokha chomwe chinkawadikira chinali chimenecho.

Akamaliza ankawabweza anthu anga kunyumba ya alendo ya m'mudzimo, kuwagoneka, kusunga ulendo, n'kuzimitsa makina atakanikiza kabatani koteteza kuti ulendo usafufutike monga ndinkachitira ine. Bokosi la chuma sanatseguleko ngakhale limodzi, akuti zimenezo n'za mwiniwake. Phanga lija ndinalipambana chisanu chomwecho. Kenaka ndinakula, kunabwera makina ena, kaseti ija ndinaiwala. Koma tsiku loti mawa lake ndinyamuka kubwera kuno ndinaiyatsa mongocheza. Anthu anga ndinawapeza m'nyumba ya alendo yomwe ija, pafupi ndi mlatho, ali ndi mphamvu zoti palibe chilombo m'gemu monsemo chikanawaima patsogolo. Ndiye kuti amayi anapitiriza kuwadyetsa kwa zaka, mwiniwake atasiya kalekale.

Ulendo watha munawapatsa foni, amayi anandiyankhula mwaulemu ngati mlendo wochokera kuboma. Anathokoza kuti ndawaimbira, kenaka akuti pepani, kodi inu ndinu mwana wa yani? Zimenezi sindinakuuzeni pamenepo. Munandiuzanso kuti chidwalireni sitiroko ija mawu amawabwerera mochedwa, moti anthu amawamalizira ziganizo, iwo n'kungokhala chete. Munati amakhala pazenera kuonerera othyola maapozi n'kumanena kuti iwo alibe ntchito. Ndili ndi mantha, achemwali. Ndikuopa kuti pomwe a Hirabayashi azidzandimasula, ndidzafika pakhomo n'kulandiridwa ngati wogulitsa inshuwalansi.

Pempho langa ndi limodzi. Chingwe ndatumizacho n'cholumikizira makina akalewo ku kanema wanu watsopano. Alamu alumikize, ntchito imeneyo ndiye iwakomera, bola kaseti asaikhudze ndi sikuludiraiva. Ikakana kuyaka muipemerere pang'ono ngati kale, ngakhale kuno akatswiri amati kupemerera sikuthandiza kanthu. Musankhe masana, atadya, m'nyumba muli bata. Ikayaka mudzaona dzina langa pamwamba. Muwaikire chowongolera pamiyendo, mbali ya dzanja lomwe likugwira bwino, ndipo inu mukhale pambali.

Musawathandize, ndiponso musawafulumizitse. Ndikukudziwani, mtima wanu ndi wa nkhwangwa ija, mudzafuna kuwalanda kuti muwaonetse. Alekeni. Akatenga nthawi yaitali asanakanikize batani, chilombocho chidikira, sichidzawamalizira mawu. Sindikunena kuti achira nazo, ine si dokotala. Mwina adzangoyang'ana n'kutembenukira kuzenera. Koma zala zimakumbukira zinthu zomwe mutu wataya, ndipo dzina limenelo analiyendetsa pamlatho paja kambirimbiri kuposa momwe ine ndawaimbirapo foni.

Mukapeza kuti kabatire kanafa ndipo zonse zinafufutika, musandiuze. Ingoyambani ulendo watsopano, wotsogolera mumutche Noboru, muwatulutse anthuwo mpaka pamlatho. Adzakhala owonda ngati poyamba, ndipo mwina n'zabwinonso choncho.

Ndikudziwa kuti katundu yense ali pamutu panu: munda, amayi, aganyu, ndi mlongo wongotumiza maswiti. Sindikuziona mopepuka. Ndikadzamasuka ndidzabwera ndi sitima yoyamba, ndipo chipale chofewa cha padenga chisanu chikubwerachi ndidzakokolola ndine, alamu apume.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti sindikuwanyoza luso lawo, kaseti yokhayi basi. Moni kwa Minori, alimbikire mayeso, asatengere amalume ake. Moni kwa azakhali a ku Goshogawara, ndi kwa a Tsushima a munda woyandikana nafe omwe akukuthandizani kuthyola. Mukapita kumanda mukawauze bambo kuti maapozi ndimawasowa, ngakhale adzanena kuti ndikunama.

Kwa amayi musanene kuti ndikupereka moni, angavutike kufunafuna kuti ndine yani. Mukawaikira chowongolera pamiyendo mungowauza kuti Noboru wakanikanso pa phanga lija, wawonda, ndipo payekha sangatuluke. Akufuna amudyetsere anthu ake kufikira atabwera.

Tsalani bwino, achemwali.

Ine mlongo wanu,
Noboru