Mimba ya bambo a Tracy yapita kuti?

Lachiwiri, 10 Juni

M'mawa uno ndaboola bowo lina pa lamba wa bambo a Tracy, thalauza imangotsetsereka. Ndinasangalala ngati mwana. Kuyambira Marichi, pomwe adokotala anati bipi yawo yakwera kwambiri ndipo shuga ali pafupi, ndalimbana nawo munthuyu. Mchere pang'ono, mafuta kasupuni kamodzi, tiyi wopanda shuga, tchipisi cha pachiwaya ayi, ndipo kuntchito kudoko azipita wapansi. Chimimba chija chaphwa ndithu.

Masana apongozi anatulukira kuchokera ku Chikale. Anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako maso pa ine. Osanena kanthu. Bola akanangonditukwana.

Vuto ndi loti C. (ndizilemba choncho, dzina la Cyrus landitopetsa) sanawauze amayi awo za bipi. Bambo awo anamwalira ndi sitiroko, ndiye akuti amayiwo akamva kuti mwana wawo yekhayo wamwamuna ali ndi matenda omwewo, agwa. Anandilumbiritsa kuti nanenso nditseke pakamwa. Ndinavomera. Wopusa ndine.

Lachinayi, 12 Juni

Tsiku la sikelo ya a bipi ndi shuga. Ndinapempha ahedi kuti ndichoke, ana anga a Sitandade 5 ndinawasiyira mphunzitsi mnzanga Jessie.

Anthu ake pamzere! Kale ndinkayesa awa ndi matenda a mabwana a ku Lilongwe. Lero pabenchi panali asodzi, amayi ogulitsa nthochi, wonyamula katundu wina wa kudoko yemwe mwendo anamudula chifukwa cha shuga. Adokotala pophunzitsa anati matenda osapatsiranawa ndi amene akupha anthu ambiri padziko lonse kuposa ena onse, ndipo amabwera mwakachetechete, munthu akudya bwino n'kumaseka. Gogo wina kumbuyo kwanga anati ndiye tizidya mpweya. Anthu anaseka. Ine sindinaseke.

Bipi ya C. yakweranso. Mwezi watha inali itatsika bwinobwino. Adokotala anavula magalasi n'kufunsa ngati mankhwala akumwa. Akumwa, ndimawapatsa ndi dzanja langa. Nanga zakudya? Ndinayankha ndine, monyadira, kuwerengera zonse zimene ndimaphika. C. maso ali pa nsapato zawo. Adokotala anati zikapitirira chonchi tisadzadabwe tsiku lina mkono ndi mwendo zikadzaleka kugwira ntchito, munthu wa zaka 46.

Pobwerera sindinawalankhule. Ndili ndi mantha, ndipo mantha anga amatuluka ngati ukali.

Loweruka, 14 Juni

Ndadziwa tsopano.

Ndinakumana ndi Jessie kumsika pogula mpiru. Anazungulirazungulira kaye, mpaka ndinati mayi iwe nena, dzuwa likundiwotcha. Akuti masana aliwonse amawaona bambo a Tracy akulowera ku Chikale. Ine mtima phaa, ndimayesa kuli mkazi. Mkazi alikodi: amayi awo. Amawaphikira nsomba ya batala yokazinga yosambira m'mafuta, nyama ya mbuzi, kondowole wa anthu awiri, botolo la zoziziritsa kukhosi pambali. Chakudya chimene ndimawaikira m'kontena amapatsa alonda a kudoko.

Ndiye ine ndimadzuka m'mamawa kuphikira alonda.

Jessie anawonjezera china, chapansipansi. Anthu akuti mwamuna sangaonde chonchi popanda chifukwa. Ena akuti ndimawamana chakudya, ndalama n'kumatumiza kwathu ku Dedza. Ena akuti akumwa mankhwala otalikitsa moyo aja, poti anatiwona kuchipatala, ndipo matendawo ndabweretsa ndine. Kuno mwamuna wokwatira akapanda mimba, mlandu ndi wa mkazi.

Lamulungu, 15 Juni

Kutchalitchi mayi wina wa gulu la amayi la Umanyano anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kunena kuti akutipempherera pa zimene tikudutsamo. Ndinati yewo. Ndikanati chiyani?

Kunyumba ndinawafunsa C. za ku Chikale. Sanakane. Akuti amayi awo anayamba kulira kuti mwana wanga watha, ndiye iwo akanatani, kukana chakudya cha mayi wobereka? Ndinati auzeni zoona basi. Akuti nthawi yake sinakwane, ndiwapatse mpata. Mpata! Munthu amakalipira oyendetsa mabwato kudoko mawu kumveka mpaka kumsika, koma pamaso pa amayi ake amasanduka mwana wa nasale.

Ndinawauza kuti ine sindikufuna kukhala namfedwa, komanso sindikufuna kusenza bambo wamkulu kupita naye kubafa. Anatuluka kukaonera mpira.

Lachiwiri, 17 Juni

Kontena yabwera yotsukidwa bwino. Alondawo ndi aukhondo.

Lachitatu, 18 Juni

A Patson, amalume awo a C. omwenso ndi ankhoswa athu, anabwera ndikuweruka kusukulu. Anakhala pakhonde, chipewa pabondo, kufunsa za Tracy kusekondale, za mvula ya ku Dedza, za chilichonse. Pomaliza ndiye anati Loweruka tikaonekere ku Chikale, amayi ali ndi dandaulo pa kasamalidwe ka pakhomo pano.

Zaka 17 m'banja, sindinaitanidwepo kwa ankhoswa. Lero ndikuitanidwa chifukwa chosamala mwamuna. Ankhoswa a kwathu ali kutali, ndipo ndingawaimbire kuti chiyani? Kuti ndikuzengedwa mlandu wa mchere?

C. akuti ndisadandaule, akalankhula iwo. Ndawauza kuti akapanda kulankhula, ndikalankhula ndine. Andigwira mkono, maso ofiira, kundipempha kuti chonde, zichokere pakamwa pawo. Ndavomeranso.

Loweruka, 21 Juni

Sanalankhule.

Tinakhala pamkeka kuseri kwa nyumba ya apongozi. Iwo anayamba m'Chitonga, kenako anasinthira ku Chichewa kuti mlendone ndimve bwino. Akuti anandipatsa mwana wonenepa, wowala, anthu ankamupatsa ulemu akamadutsa. Lero kolala ya shati ikulendewera. Akuti anafikapo pakhomo panga n'kulawa ndiwo, madzi okhaokha, ngakhale kundende saphika choncho. Ngati sukulu yandichulukira ndinene, kuno atsikana odziwa kuphika alipo.

Mawu omalizawo anandilasa. Ndinatembenukira kwa C. Anali akutokosa pansi ndi kamtengo. A Patson anawafunsa ngati ali ndi mawu. Anati ayi, amayi anena zonse.

Ndikanatha kuulula pomwepo. Koma ndinaona kuti ndikanena ine, apongozi ati mkamwana wapeka matenda kuti adziteteze, ndipo mwana wawo akhoza kungokhala chete momwemo. Ndiye ndinagwada, n'kupepesa mlandu umene sindinapalamule.

Chigamulo: ndiziphika monga mkazi wa pabanja. Mawa tikaweruka kutchalitchi apongozi ndi a Patson abwera kudzadya kwathu, adzaone okha ngati ndamva.

Chabwino. Adzaona.

Lamulungu, 22 Juni

Ndinapita kumapemphero a m'mawa kuti ndipeze nthawi. Ndinagula nyama ya nkhumba yamafuta, ija C. ankaifera kale. Ndinaikazinga mpaka mafuta kuyandama, mchere ndinathira ndi dzanja osati supuni. Tchipisi mbale yodzaza. Mabotolo a zoziziritsa kukhosi patebulo. Ndikuphika, mumtima ndimadziwa kuti akhoza kungodya. Ndipo akadya, ndiye kuti ndawapatsa ndine.

Apongozi atalawa anagwedeza mutu, n'kuuza a Patson kuti mwaona, kuphika amatha, unali ulesi chabe. Ndinatenga mbale ya C., kuidzaza mpaka pamwamba, kugwada, n'kuika patsogolo pawo.

“Idyani bambo a Tracy. Ankhoswa agamula.”

C. anandiyang'ana. Ine sindinaphethire. Lachinayi lija tinali limodzi, mawu a adokotala anawamva ndi makutu awo. Anasamba m'manja. Anatenga nthuli imodzi, mafuta akuchucha m'zala. Ndinatsala pang'ono kuwalanda.

Anaibweza m'mbale.

“Ama,” anatero, m'Chichewa, “ine ndili ndi bipi, ngati ija ya adada. Adokotala anandiletsa zakudya izi kuyambira Marichi. Flora sandimana chakudya. Ndine ndinamuuza kuti asakuuzeni.”

A Patson anasiya kutafuna. Apongozi sanagwe, sanalire. Anayang'ana mbale ija. Kenako anafunsa, mawu ang'onoang'ono:

“Ndiye masiku onsewa ine ndimakudyetsa chiyani?”

Apongozi anatambasula dzanja, kukoka mbale ya mwana wawo, n'kuikankhira kutsogolo kwa a Patson. Anadzuka n'kulowa kukhitchini kwanga, kumene sanalowemo chikwatiwire ine.

Pepani sindinamumve, ndipo sindikuganiza kuti abwera. Ndathawira kuchipinda kuno kuti ndilembe, mtima ukadali m'mwamba. Ndikumva mpeni pathabwa, akudula mpiru wanga wa mawa. C. sanadye kanthu, ali pabalaza ndi amalume awo ngati anthu a pamaliro.

Apongozi akundiitana. “Anyina Tracy, bwerani mundionetse mchere wake.”