Tsamba la a Jamali

Lolemba, 5 Febuluwale
Lero ndiye aulula chimene akukanira kuwokera mpunga ku Bwanje. Amuna angawa, a Jamali, akuti analota tsamba lawo likuthothoka. Akuti pa Chisilamu chawo kumwamba kuli mtengo, tsamba lililonse lili ndi dzina la munthu. Likagwa, mngelo wa imfa, Izraili, amalitola, pakatha masiku makumi anayi n'kubwera kudzatenga mwini dzina. Awerengera kale, ndi pa 17 mwezi uno. Zaka zonsezi pabanja, ine Mkatolika wa ku Mua, mngelo ameneyu sindinamumvepo.

Lachitatu, 7 Febuluwale
Ndawafunsa ngati dzinalo analiwerenga bwino. "Mtima unadziwa, Selina." Nanga a Jamali alipo angati kuchokera ku Golomoti mpaka ku Mtakataka? Sanaseke.

Lachisanu, 9 Febuluwale
Njinga apatsa mphwawo Mabvuto. Mbande zikukalamba pa nazale.

Lamulungu, 11 Febuluwale
Potuluka m'tchalitchi ndafunsa a Damiano, akatekisiti athu. Akuti m'Baibulo mngelo wa imfa alimo, uja ankadumpha nyumba zopakidwa magazi ku Ejipito, koma dzina lake sakulidziwa. Ndiye ndi mmodzi yemweyo, kapena mpingo uliwonse uli ndi wake? Ngati ali awiri, ine ndi a Jamali tidzalowera njira zosiyana? Funsoli landikhala pamtima tsiku lonse.

Lachinayi, 15 Febuluwale
Anapita kukatsanzika kwa shehe, shehewo n'kuwakalipira. Akuti tsikulo amalidziwa ndi Allah yekha, Izraili naye amadikira kuuzidwa. Abwerako ali ndwii, koma kumunda ayi. Ndawokera ndekha ndime ziwiri, msana ngati wathyoka. Ndisaname, ndikuopa. Mpunga ungapite, koma iwowa ayi.

Loweruka, 17 Febuluwale
Avala mkanjo woyera n'kukhala pakhonde kuyambira m'mawa. Ine pambali pawo, kusankha nyemba zosankha kale. Aliyense wodutsa ndimamuyang'anitsitsa. Amabwera ngati munthu? Amaodira? Wadutsa ndi wogulitsa usipa basi, ndi Mabvuto panjinga, kawiri, akuliza belu.

Lamulungu, 18 Febuluwale
M'mawa ndawapeza kuseri akugwiragwira khasu, mkanjo atavula. "Mbande zatsala?" Ndati zochepa. "Kutchalitchi mutuluka nthawi yanji?" Ndangovula nsapato za Misa. Njinga akuchita manyazi kukaitenga, ndiye tapita wapansi mpaka ku Bwanje, iwo patsogolo, ine pambuyo, njira imodzi.