Mpando wa M'komiti ya Sako

Okondedwa asuweni,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Ife tilipo ndithu.

Loweruka tinali ndi chisankho ku Sako kwathu, kuja timasungitsa ndi kubwereka ndalama. Paja si ngati kubanki koti umangoima pamzere, kuno eni ake ndife, aliyense amakweza dzanja. Mpando ndinkaufuna, koma akuti boma lalamula kuti wa m'komiti azidziwa kuwerenga. Ndiye asankha mayi wosoka zovala uja, wongolowa chaka chathachi. Ine zaka khumi ndikuyala mabenchi. Sindikudandaula ayi. Amene akundilemberawa akuti ndikudandaula, koma alembe zimene ndanena.

Diresi lake linali labwino, ndisaname. Manja omusankha ndinawerenga ndekha, poti kuwerenga manja ndimatha. Limodzi linali ndi wotchi ija munawagulira alamu anu. Kunyumba sitinakambiranebe.

Moni kwa ana.

Ndine msuweni wanu.