Dzina la Michelle Lichoke Papepalapo

Bolton, England

Okondedwa Alamu a Nathaniel,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kumeneko ku Mponela, inu, mayi a kunyumba ndi ana? Bondo lija linasiya kukuvutani? Nanga Amayi akudya bwino masiku ano? Kuno ine ndilipo, basi ija ndikuiyendetsabe. Mwana wathu Michelle sukulu ikuyenda ku Salford. Za mlongo wanu Edwina ndiye nkhani ya kalatayi.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandidziwa, timangoyamba bwinobwino ine ndakweza kale mawu. Sukulu sindinapite nayo patali ndipo kukometsera sindikudziwa, ndiye muwerenge mmene ndalemberamo. Kalatayi ndapatsira Rejoice, nesi mnzake wa Edwina, amene akubwera kumudzi Loweruka.

Munamva zoti Edwina akuvutika dzanja. Si dzanja lokha. Madokotala apeza matenda ofoola minofu, kuno amati MND, ndipo alibe mankhwala ochiza. Amayamba manja ndi miyendo, kenako kumeza ndi kuyankhula, pomaliza kupuma. Panopa akuyendera ndodo, mabatani a malaya ndimamumanga ndine, ntchito anasiya. Mutu uli bwinobwino. Pakamwa ndiye musade nkhawa, akundikalipirabe ndikalowa ndi nsapato m'nyumba.

Inu ndinu nkhoswe yake, ndinunso mwini mbumba. Matendawa ndikuwatula kwa inu monga mwa mwambo. Koma pali china, ndipo pamenepo ndalakwitsa ndine.

Kuno lamulo ndi lina, Alamu. Munthu akadali ndi nzeru zake amatha kulemberatu chithandizo chimene sadzachifuna, n'kusaina pamaso pa mboni, madokotala n'kudzatsatira. Amathanso kusankha womuyankhulira pa tsiku limene sadzatha kudziyankhulira yekha. Kukhala mwamuna wake sikukupatsa mphamvu imeneyo. Umalume ndiye sauwerengera n'komwe. Amaona dzina limene lili papepala, basi.

Mwezi watha Edwina anandikhazika pansi n'kundionetsa zimene walemba. Sakufuna kudzabooledwa pakhosi kuti makina azimupumira. Mtima ukadzaima, asadzamupsinje pachifuwa kuti audzutse. Akufuna mankhwala opha ululu, ndipo akufuna kudzakhala kunyumba. Anati zaka zonse zimene wagwira m'wodi ya ovutika kupuma waona zokwanira, sakufunika wina womufotokozera. Kenako anandipempha kuti womuyankhulirayo ndikhale ine.

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti akudziitanira imfa, kuti kwathu munthu sakamba za maliro ake akadayenda. Ndinamenyetsa chitseko n'kupita kuntchito. Pa nthawi yopuma, mtima ukadali m'mwamba, ndinalemba pa gulu la WhatsApp la tchalitchi chathu cha Amalawi. Ndinatchula dzina la matendawo, amene iye anali asanauze munthu. Ndinati mkazi wanga wagwidwa ndi mzimu wa imfa, akukana chithandizo, tithandizeni m'mapemphero. Pomalemba ndinkadziona ngati mwamuna weniweni.

Anthu athu mumawadziwa, kuzonda wodwala sapangana tsiku. Lamulungu titaweruka, nsapato zinadzaza pakhomo, ena anakhala pa masitepe chifukwa nyumba za kuno pabalaza m'pochepa. Edwina anamva dzina la matenda ake likutuluka m'kamwa mwa alendo. Anawalonjera mmodzimmodzi, n'kutuma Michelle kukaika tiyi.

Mayi Shirley, amene amatsogolera amayi a mapemphero, anamusanjika manja, anadzudzula mzimu wa imfa mpaka mzungu woyandikana nafe anagogoda pakhoma. Atatha anati pepala limene Edwina walembalo libwere aliwotche pompo.

Edwina anawayankha mwaulemu kuti atha kuliwotcha, machesi ali pa shelefu, kungoti lina lili kale kwa dokotala. Anati mapemphero akuwafuna ndithu, asaleke. Kenako anapempha kuti aliyense amene akufuna kuti iye adzakhale pa makina asatuluke asanatchule tsiku lake lodzabwera kudzamupopa makhololo pakhosi. Anayamba ndi Mayi Shirley, kuwafunsa ngati Lachiwiri lingawakomere.

Abambo ena anakumbukira kuti galimoto aimika pamalo oletsedwa. Tiyi anazizira m'makapu.

Alendo atapita ndinkayembekezera mkuntho. Bola akanandilalatira. Anangondiuza motsitsa mawu kuti dzina langa walichotsa, aika la Michelle.

Ndinati ngati ndi za WhatsApp ndapepesa. Anati zimenezo n'zazing'ono. Anati ine ndine mkango pano pa Bolton, okwera basi ndimawauza chilungamo m'maso muli gwa, koma foni ikalira kuchokera ku Mponela ndimaimirira n'kuvula chipewa ngati mukundiona. Anati tsiku limenelo achimwene adzaimba n'kunena kuti alamu, chitani chilichonse mwana wathu asapite, ine n'kuyankha kuti chabwino alamu. Anati chifukwa chake n'chakuti ndimaopa kudzatchedwa mkamwini amene anakaphera mkazi ku UK. Michelle anabadwira kuno, mantha amenewo alibe.

Sananame.

Michelle ali ndi zaka khumi, zisanu ndi zinayi. Amake atamufunsa, anavomera m'Chingerezi chake chija, nkhope ili gwa ngati loya. Ine ndinati kaya, mwina ana a kuno mitima yawo ndi ina.

Sabata yatha masana Michelle anakwera basi yanga. Sanandipatse moni, anakakhala kumbuyo kwenikweni. Tinadutsa pomwe amatsikira, iye osatsika. Tinafika kumapeto kwa ulendo, anthu onse anatsika, iye ali pomwepo. Nditazimitsa injini ndinapita kukamuona. Foni inali m'manja, akuwerenga za mmene munthu wa matendawa amathera. Mwana amene chibadwire sanandiyankhepo m'Chichewa anandiuza m'Chichewa chake chopindikacho kuti adadi, ndikuopa. Anandipempha kuti ndisawauze amake.

Alamu, katundu ameneyu ndamusenzetsa ndine. Anali wanga, anandipatsa mwaulemu, ine ndinakamumwaza pa gulu la tchalitchi.

Ndinabwerera kwa Edwina kukapempha kuti abwezeretse dzina langa. Za mu basi sindinamuuze, koma ndikuganiza kuti akudziwa. Anati avomera pokhapokha inu mutamuuza ndi pakamwa panu kuti mwamva zofuna zake, ndipo tsikulo likadzafika simudzandikakamiza, simudzandiimbanso mlandu. Mapepala osankha womuyankhulira akusaina kumapeto kwa mwezi uno. Dzanja likufooka, sakufuna kudikira.

Ndisakunamizeni. Ine makinawo ndikuwafuna. Zikanakhala za ine ndikanamusunga ngakhale atatsala kuphethira kokha, ndizimuyang'ana. Mpaka lero mtima wanga sunagwirizane naye. Koma thupi ndi lake, ndipo zimene akukanazo wazigwira ndi manja ake, ine ndangozimva. Masiku ano ndikaima pa maloboti ndimayeserera ndekha m'basi kunena mawuwo, kuti mkazi wanga anakana, musamuike. Poyamba ankandikanirira pakhosi. Pano akutuluka.

Pempho langa ndi ili. Mukawerenga, musayambe mwaitanitsa msonkhano wa banja, musaikenso pa gulu lililonse, mwaona kale zimene zinandichitikira ine. Muimbireni iye, pa vidiyo, muli nokha. Mumufunse chilichonse, akuyankhani bwino kuposa ine. Amayi mudzawauze inu mukaona kuti nthawi yake yakwana, mumadziwa powayambira.

Ngati pali mkwiyo, ubwere kwa ine. Ndidzabwera ku Mponela, ndidzakhala pansi pabwalo panu, mudzanene zonse, ndipo ulendo umenewo sindidzayankha. Abale akadzafunsa kuti anakaniza makina ndani, mudzatchule Thompson.

Mukakana, ndi ufulu wanu, sindingakukakamizeni. Kungoti mudziwe kuti Edwina sasintha zimene walembazo. Chosintha ndi dzina lokha. Mukakhala chete, amene adzaime pamaso pa madokotala kukaniza amake makina ndi Michelle. Mwa mwambo wathu mwana ameneyu ndi wanu kuposa ine, ndi mbumba yanu. Mutuleni katunduyu, Alamu. Ine ndekha ndalephera.

Mupereke moni kwa Amayi, kwa mayi a kunyumba, ndi kwa ana onse. Mulungu akupatseni mtima wofatsa powerenga, umene ine anandimana. Foni ya Edwina imakhala pambali pake tsiku lonse. Ikalira muziilekerera nthawi yaitali, amachedwa kuinyamula.

Ndine mlamu wanu,
Thompson