Njuchi ya mu Besi

Lolemba, 3 Juni

Gitala yanga ya besi yayamba kulira yokha. Ndikangoilumikiza ku ampu yokuzira mawu, nsambo ndisanazikhudze n'komwe, kaphokoso kosalekeza: nziii. Ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Ndasintha kebulo. Zomwezo. Ndayesa soketi ya kukhitchini. Zomwezo.

Gitala imeneyi ndinaigula zaka makumi awiri zapitazo kwa munthu wina amene ankasamuka mwachangu. Sinandichititsepo manyazi. Penti inasupuka pamene ndimatsamiritsa chala chachikulu, lamba ndi wachitatu, koma mawu ake ndi omwe aja. Wang'oma wathu amati ikalira imamveka m'mimba.

Loweruka pokonzekera, Aphunzitsi anaimitsa nyimbo kawiri. Ndiwo atsogoleri a bandi. Choko anasiya kalekale, kukalipa ayi. "Madala, mwasochera. Komanso tsitsani ampuyo." Ndinati vuto ndi gitala. Kenako anati pa 28 mwezi uno eni hotela imene timaimbako adzatimvetsera kuti aone ngati tipitirize chaka china, ndipo zinthu zikapanda kusintha, pa besi padzaima munthu wina. Ananena mwaulemu. Akuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Sindinakwiye. Ndinapinda kebulo n'kubwera kunyumba.

Lachitatu, 5 Juni

Kwa Chisoti, wokonza mawailesi ndi maampu. Kashopu konunkha waya wopsa, ma TV akufa mpaka kudenga. Chipewa chake sachivula, kaya kutenthe bwanji. Anatsegula kumsana kwa besi, anawotcherera kawaya kamene kanali kugwedera, anapukuta timabatani. Kenako kuyatsa.

"Mwamva, achimwene? Zii."

Ine njuchi ndikuimva bwinobwino. Iye akuti palibe. Munthu wokhala tsiku lonse pakati pa mawailesi asanu olira nthawi imodzi angamve chiyani? Ndinamuuza choncho. Anaseka, ndalama anakana.

Madzulo patebulo. Mayi a ana akadali pampando wa kumanja kwanga. Anasamukirapo chaka chatha, akuti mbali ya kuwindo kumalowa mphepo. Windolo silitsegulidwa n'komwe. Sindifunsa.

Loweruka, 8 Juni

Nsambo zatsopano, zonse zinayi. Mtengo wake wandiwawa. Zakale zija zinatha zaka zinayi, ndinkangoziwiritsa m'madzi zikafooka, mayi a ana akudandaula za poto wawo.

Kokonzekera. Malo anga a masiku onse, pambali pa wang'oma, mbale zake zachitsulo zili pafupi ndi phewa langa lamanzere. Chiyambire bandi ndimaima pomwepo. Njuchi inabwera nane. Ndinakweza ampu kuti ndiikwirire. Mayi woimba anayang'ana pansi nyimbo yonse. Aphunzitsi sanaimitse ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo n'zoipa kuposa kukalipa.

Pobwerera, besi kumsana, ndinayenda wapansi njira yonse. Sindikukumbuka zimene ndinadutsa.

Lachiwiri, 11 Juni

Besi ndaitsegula ndekha. Akuti ukamata tepi ya kopa m'kati monse, phokoso la magetsi sililowa. Maola atatu patebulo, timasikulu m'kapu kuti tisatayike. Tepiyo yandicheka chala. Magazi pang'ono pathabwa, ndapukuta ndi malaya.

Mayi a ana anandigwira paphewa. "Bambo, ndakuitanani katatu." Ndinati ndili pa ntchito.

Kuyatsa. Nziii.

Ndikazimitsa ampu kaphokosoko kamatsalirabe m'mutu, koma zimenezo si zachilendo. Phokoso ukalimva nthawi yaitali limakutsatira. Komanso firiji yathu yakalamba, imalira usana wonse. Nyumba ino mulibe bata loti munthu n'kuyesera chinthu bwinobwino.

Masiku khumi ndi asanu ndi awiri atsala.

Lachisanu, 14 Juni

Kusitolo ya zoimbira. Ndinangoti ndikaone. Besi yatsopano ya nsambo zisanu, yonyezimira, yopepuka ngati ya ana. Mayi wogulitsa anailumikiza. Nayonso njuchi. Ndinapempha ina, yakuda. Nayonso. Zinthu za masiku ano, kukongola kunja kokha.

Mayiyo anagwada n'kuika khutu pa sipika. "Pepani bambo, ine sindikumva kanthu." Wogulitsa anganene kuti katundu wake ndi wodwala?

Gitala sindinagule. Ndinagula mapikapu awiri, timaginito timene timakhala pansi pa nsambo n'kumatola mawu. Pabokosi alemba kuti ndi osalira phokoso. Ndalama zinali za nsapato. Nsapato zidikira.

Lolemba, 17 Juni

Chisoti anayamba wakana. Anatembenuza bokosi uku ndi uku. Akuti atsopanowa ndi aakulu, salowa pamabowo akale, pafunika kusema thabwa. "Mapikapu akalewa ndiwo pakamwa pa gitalayi. Tikasema, sitibwezanso."

Ndinati galu wamkota sakandira pachabe. Zaka makumi awiri ndikuinyamula, ndingalephere kudziwa kuti ikudwala?

Anatenga tchizulo. Ndinakhala pa TV yakufa n'kumaonerera. Tizipalapala toyera tikugwera pansi. M'kati mwa thabwa muja munali moyera mbee, ngati linadulidwa dzulo. Ndinkayembekeza kuti mtima upweteka. Sunapweteke. Ndinkangoona.

Atamaliza anayatsa, n'kundiyang'ana. Ndinapukusa mutu. Njuchi ikadalipo.

Anavula chipewa. Koyamba kumuona mutu, kani ndi dazi. Analipukuta ndi dzanja n'kunena motsitsa, moti ndinachita kuweramira: "Achimwene, kuchipatala chachikulu kuli makina oyezera makutu. Sizitenga nthawi."

Ndinamuuza kuti azikonza mawailesi. Mapikapu akale anawakulunga m'nyuzipepala n'kundiikira m'thumba la jekete. Sindinathokoze.

Loweruka, 22 Juni

Tisanamalize nyimbo yoyamba, wang'oma anatsamira kwa ine. "Kodi besi ija mwagulitsa?" Ndinamuonetsa pamene penti inasupuka. Anati mawu ake aonda, sakufikanso m'mimba. Mayi woimba anavomera ndi mutu.

Ine kusiyanako sindinakumve. Ndilembe zimenezi poti ndi zoona. Akale, atsopano, kwa ine chimodzimodzi.

Titamaliza, Aphunzitsi anandiperekeza mpaka pageti, chinthu chimene sanachitepo. Anati Lachisanu pabwera mkulu wina wa bandi ya kutsidya kwa msewu. "Inu mupume kaye, madala. Malo anu ndi anu, koma mupume." Anandigwira dzanja ndi manja awiri ngati pamaliro.

Ndinati chabwino. Ndinawafunsa ngati mkuluyo ali ndi kebulo yaitali, chifukwa soketi ya kuhotela ili kutali. Anati ali nayo.

Kunyumba ndinaika besi m'chikwama chake n'kuiimika kuseri kwa chitseko. Ndinadya. Sindikudziwa kuti chinali chiyani.

Lachisanu, 28 Juni

Lero. Ndasita shati ya bandi mwachizolowezi, kolala kawiri. Kenako ndaipachikanso.

Mayi a ana sanayatse wailesi. Nanenso ayi.

Lachiwiri, 2 Julayi

Magetsi azima kuyambira m'mawa. Firiji chete. Makina a mnansi wowotcherera mageti chete. Ampu yozizira pakona, kebulo yopindidwa pamsomali. Besi ili m'chikwama masiku khumi tsopano.

Ndinakhala pampando masana, manja pamaondo. Palibe chilichonse choyaka m'nyumba muno.

Nziii.

Ndinayang'ana firiji. Ndinayang'ana chikwama kuseri kwa chitseko. Kenako ndinatseka khutu lamanja ndi chala. Galimoto za pamsewu zinasowa. Nkhuku za mnansi zinasowa. Panatsala njuchi yokha.

Mayi a ana anaima pakhomo la kukhitchini, kumanzere kwanga. Milomo ikuyenda. Chala ndinali nditachotsa kale, koma mawu ankafika ngati a munthu wolankhulira m'bulangete. Sanakweze mawu. Anazungulira kuseri kwa mpando, anadzaima kumanja, n'kubwereza. "Ndimati tiyi akuzizira."

Anazungulira ngati munthu wodziwa njira. Ndipamene ndinakumbukira mpando wa patebulo. Ndi windo losatsegulidwa lija. Ngakhale poyenda mumsewu, amandidutsa kutsogolo kuti akhale mbali imeneyo, ine n'kumati akuthawa fumbi.

Ndinafunsa kuti chiyambire liti.

"Chaka chatha, mvula isanayambe. Ndinakuuzani kawiri za khutu lamanzerelo, bambo. Kachiwiriko munamenya tebulo. Ndiye ndinangosuntha mpando."

Ananena ngati akunena za mtengo wa sopo. Anabweretsa tiyi n'kumuika kumanja.

Besi ndaitulutsa m'chikwama. Pamene Chisoti anasema pakuonekabe koyera m'mbali mwa mapikapu, kampata koti chikhadabo n'kulowa. Akale aja ndawapeza m'jekete, akadali m'nyuzipepala. Ndawayesa pamwamba. Mabowo ndi aakulu tsopano, angomira.

Gitala inalibe vuto. Chisoti ananena, mayi wa kusitolo ananena, ine n'kumawayesa ogontha. Zaka makumi awiri yandidyetsa, ndipo ndaiboola ili bwinobwino.

Ndinagunditsa chibwano pathabwa n'kukoka nsambo yaikulu, popanda ampu. Inanjenjemera m'mano, m'khosi, mpaka m'chifuwa. Apo ndiye mtima unapweteka. Ndalira lero misozi ya mwezi wonse uja. Mayi a ana anatseka chitseko kuti mnansi asaone.

Lachinayi kuchipatala. Mayi a ana akuti tsikulo anakalembetsa kale sabata yatha, amangodikira kuti ndifunse. Tinyamuka m'mawa.

M'basi akuti ine ndikhale kuwindo la kumanzere. Iwo adziwa pokhala.