Kadontho ka Bambo pa Mapu

Loweruka, 9 Ogasiti

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi mayi a ana ndi anawo. Ife kuno tikupuma, koma ndikati tili bwino ndikhala ndakunamizani. Mudabwa kulandira kalata ya papepala kuchokera kwa ine, munthu woti ndimagona foni ili kumutu. Musadabwe. Masiku ano foni sindikuikhulupirira, ndipo yanuyo ndiye ayi ndithu. Khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kuimbira aliyense, chifukwa khalidwe lanu ndimalidziwa.

Zoti Mzime wathu anachoka kwa mwamuna wake mukudziwa kale. Chomwe simunaone ndi mmene anafikira ku shopu kwanga. Ndinali pa makina ndikupinda siketi ya kasitomala, ndipo nditadzutsa mutu ndinamuona ataima pakhomo, diso limodzi litatsekeka ndi kutupa, mwana ali kumbuyo, nsapato alibe. Sanalire. Anangoti, "Achemwali, akandipezanso andipha." Mwana wa mayi anga ndimamudziwa, si munthu wokokomeza nkhani. Kupolisi tinapita ndipo nkhani ikuyenda, koma pamene ikuyendapo munthu amafunika pogona pomwe alamu athuwo sakupadziwa.

Tinayamba ndi kwa azakhali. Sipanathe sabata, alamu anatulukira pageti, malaya atapisira bwinobwino, akuti abwera kudzatenga banja lawo. Mwamwayi geti linali lokhoma. Ine ndinapsa mtima n'kuwalalatira azakhali kuti pakamwa pawo sipagona mawu. Azakhaliwo analira, kulumbira kuti sanauze ngakhale mphaka wa m'nyumba mwawo, ndipo mpaka lero moni wanga akuyankha ndi mphuno. Tinamusamutsira Mzime kwa mnzanga wina wosoka, kutsidya kwa tauni.

Tsono mverani kumene kunachokera tsokali. Bambo anabwera ku shopu akudandaula kuti foni munawatumizira ija ikutha moto msanga ndipo ikutentha m'thumba. Ndinapita nawo khomo loyandikana nalo, kwa mayi wokonza mafoni amene tonse pamzere pathu timangomutcha Mayi Batire. Anaitsegula, kusuntha chala kangapo, kenako anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Agogowa amalola chilichonse?" anandifunsa.

Achimwene, foni ya Bambo inali ngati nyumba yopanda chitseko. Kapulogalamu ka tochi kanali ndi chilolezo choona mayina a anthu onse a m'foni. Ka nyimbo kankamvetsera zolankhula. Kena ka masewera a makhadi, komwe Bambo akuti sakudziwa kuti kanalowa bwanji, kankadziwa kumene ali usana ndi usiku.

"Bambo," ndinawafunsa, "tochi ikufuna mayina a anzanu kuti itani nawo? Iwalembera kalata?"

"Inapempha mwaulemu," anayankha. "Munthu akagogoda n'kupempha mwaulemu, ine sindinaleredwe kumubweza pakhomo."

Mayi Batire anaseka mpaka kugwira patebulo. "Agogo, ameneyu si mlendo, ndi kazitape. Mlendo amakhala pabalaza. Uyu walowa mpaka kuchipinda, akusanthula m'masutikesi."

Nanenso ndinaseka, koma kuseka kunandithera pomwe anatsegula pulogalamu yanu ija, yomwe munaikamo Bambo atagwa kubafa chaka chatha, kuti muzitha kuona pa mapu kumene ali. Cholinga chinali chabwino, sindikutsutsa. Koma m'gulu la anthu oona kadontho ka Bambo munaikamo ndani? Inu, ine, Mzime, ndi alamu, poti nthawi imeneyo munkati ndiwo ali ndi galimoto yothamangira nayo kuchipatala. Ineyo pulogalamuyo ndinaichotsa kalekale m'foni mwanga chifukwa inkandidyera malo, n'kuiwalako. Alamu sanaiwale. Bambo ankapita kwa azakhali tsiku lililonse kukaona mdzukulu wawo, kadontho kakuyenda nawo, alamu ali phee kuonerera. Pamwamba pa izo, chithunzi chilichonse chomwe Bambo ajambula chimapita chokha m'gulumo. Ndipo Mayi Batire akuti chithunzi cha pa foni chimanyamula malo amene chajambulidwira ngati munthu sanatseke zimenezo. Ine sindinkadziwa. Inu munkadziwa?

Tinayesa kuifufuta pulogalamuyo, yakana, ikufuna mawu achinsinsi amene muli nawo inu nokha. Kuchotsa munthu m'gulu, nakonso akuti ndi mwini gulu yekha. Ndiye Mayi Batire anangolowa kumasetingi n'kutseka zoti foni izidziwa malo, kulanda zilolezo zonse zopanda pake, n'kutaya tochi yakuba ija poti foni ili kale ndi tochi yakeyake. Ine ndi Mzime anatiikira pulogalamu ina yotumizirana mauthenga, ya mtundu umene eni ake anasiya poyera mmene anaipangira, kuti aliyense wodziwa ntchitoyo athe kuona ngati muli zobisika. Nditafunsa kuti zimenezo zikundithandiza chiyani ine wosadziwa makompyuta, anandikoka diresi yomwe ndinavala.

"Iwe ukamagula chovala sumachitembenuza kuti uone msoko? Awa amalola kutembenuza. Sindikuti onse ndi angelo, koma wobisa msoko ndiye umufunse kawiri."

Zimenezo ndinazimva bwino, poti ndi chinenero changa. Ndinabwerera ku makina mtima uli m'malo.

Kenako munaimba inu.

Bambo andifotokozera zonse, musavutike kukana. Kadontho katazima pa foni yanu munawaimbira mokalipa, kuwafunsa kuti ndani akuseweretsa foni yomwe munagula ndi thukuta lanu. Munawatsogolera batani ndi batani mpaka anayatsanso. Bambo kufotokoza bwino sanathe, poti iwo zonse zija anangomvapo zoti tochi inali yakuba. Ine simunandifunse. Ndikumvanso kuti alamu amakuimbirani akulira, ndipo inu mumawauza kuti nkhani za m'banja zimatha ndi kukambirana. Zoona zimatha, Achimwene, koma kuli kutali mawu amenewo ndi osavuta kunena. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene akumva m'mimba kuno si inu.

M'mawa mwake Bambo anakwera basi kupita kwa mnzanga uja, atanyamula malalanje a mdzukulu, foni ili m'thumba la jekete. Ine ndinali komweko, ndinapititsa nsalu zoti tithandizane kusoka. Tiyi asanazizire n'komwe tinamva galimoto panja. Mzime anaidziwa ndi kulira kwa injini. Sindinaonepo munthu akusintha nkhope chomwecho. Anakwawira pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, mwana ali pachifuwa, mnzanga n'kugwetsera nsalu ya makatani mbali zonse. Mwana anayamba kulira. Ine ndinakhala pa makina n'kupondaponda ndi mphamvu zanga zonse, kusoka nsalu yopanda kanthu uku ndi uku kuti phokoso likwirire mawu ake. Sindinasiye.

Bambo ndiwo anatuluka kukaima pakhomo. Ndinkawaona pazenera. Alamu anawapatsa moni waulemu wonse, manja awiri, kenako anatulutsa foni n'kuwaonetsa.

"Apongozi, musavutike kundibisira. Si inu apa? Foni yanu sinama. Kulikonse mwapita ine ndimangotsatira."

Bambo anayang'ana kadonthoko nthawi yaitali. Kenako anagwira mafelemu a chitseko ndi manja onse awiri, nkhalamba yoti imayenda ndi ndodo, n'kunena kuti, "Ndaona. Koma muno mulowa podutsa pa ine." Anthu oyandikana nawo anali atayamba kutuluka m'nyumba zawo, ndipo alamu, poti amakonda kuoneka munthu wabwino pagulu, analowa m'galimoto n'kupita. Bambo atabwerera m'nyumba anakhala pampando. Malalanje aja anali akadali pomwe anawasiya. Kenako Bambo anati, "Ndiye kuti kwa azakhali ako munthuyu ndinamutengerako ndine."

Mzime tinamusamutsanso tsiku lomwelo. Ndatopa, Achimwene. Ntchito za makasitomala zaunjikana, azakhali sakundilankhula, mnzanga akuopa kugona m'nyumba yake yomwe, ndipo zonsezi chifukwa cha kadontho kobiriwira komwe inu mumakaonera muli pa sofa.

Tsono nazi zomwe Bambo achita, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba. Ndinawapempha kuti tizimitsenso, kapena tiwagulire kafoni kamabatani. Akana. Akuti foniyo ndi mphatso ya mwana wawo woyamba, ndipo kadontho kakazima inu simugona tulo. Koma kuyenda nayo akananso. Ndiye m'mawa uliwonse amaitchaja bwinobwino, kuipukuta ndi kansalu, n'kuiika pampando wawo uja wa pazenera. Akatero amatenga ndodo n'kutuluka.

Choncho mukamatsegula mapu n'kuona Bambo ali pakhomo tsiku lonse, mtima wanu n'kukhala pansi kuti nkhalamba ikupuma, dziwani kuti mukuyang'ana mpando. Bambo ali m'misewu, akukwera mabasi awiri, kutsika potalikira n'kumaliza wapansi, akuchewukachewuka ngati wakuba, m'thumba mulibe chilichonse choimbira munthu. Bondo lija silinachire. Akagwanso ngati chaka chatha, palibe adzadziwe, inu kapena ine. Ndawaletsa, andiyankha kuti mdzukulu wawo sangakule osawaona agogo ake.

Pempho langa ndi laling'ono. Achotseni alamu m'gulumo lero lomwe, ndipo zithunzi zonse zili m'menemo mufufute. Mukatero nditumizireni mawu achinsinsi aja kuti Mayi Batire aichotseretu pulogalamuyo, atiikire ina yoti Bambo akadina batani limodzi iziimbira ine ndi inu basi. Alamu akaimba kufunsa chifukwa, musawafotokozere, musawalangize, musawatonthoze. Ndinu wamkulu, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Mukapeza mpata muyang'anenso foni yanuyo kuti mwalola ndani kuona chiyani, poti mtima wolola chilichonse uja sikuti Bambo ali nawo okha.

Sindikulemba chifukwa chodana nanu. Ndikudziwa kuti munaika pulogalamuyo chifukwa kukhala kutali ndi kholo lokalamba kumawawa, ndipo kadonthoko ndi komwe kamakugonetsani. Koma ndakwiya, ndipo ndaona kuti ndi bwino mumve kwa ine mwini.

Mundiperekere moni kwa mayi a ana, ndipo anawo muwauze kuti mayunifolomu awo ndiwasoka zinthu zikadekha. Bambo akupereka moni, akuti musadandaule, ali pakhomo. Mwana wayamba kuyenda chogwira mipando, ndipo chithunzi chake simuchilandira. Mzime diso latseguka, likuona. Nditamuuza kuti ndikukulemberani anati ndikuuzeni kuti amakukondani, ndipo akukumbukira mmene munkamuberekera popita kusukulu mvula ikagwa. Anandigwiranso dzanja n'kundipempha kuti ndisakuuzeni kumene ali.

Ndiye musandifunse.

Ndine mlongo wanu,
Telala wa pabanja panu